Wodwala akatuluka pachipata, ndi wa yani?

Pitani pachipatala chaching'ono chilichonse m'dziko muno, mupeze namwino kapena dokotala wapamalopo, mumufunse kuti: mayi uja mudamulembera kalata mwezi watha kuti akaonedwe kuchipatala cha boma, adafika? Adamupeza ndi chiyani? Ali moyo? Ambiri adzakuyankhani mwaulemu kuti sakudziwa. Si ulesi ndipo si nkhanza. Pabenchi pali khamu lina likudikira, ndipo pa ntchito zonse zimene adamulembera palibe yonena kuti azilondola munthu amene watuluka kale pachipata.

Apa ndi pamene tikutayira anthu. Timakonda kudandaula za kusowa kwa mankhwala, kuchepa kwa madokotala ndi ambulansi zopanda mafuta, ndipo zonsezo n'zoona. Koma alipo ambiri amene dokotala adawaona, matenda adapezeka, mankhwala awo alipo, koma amwalira chifukwa adasochera pakati pa khomo lina ndi linzake. Mayi wapezeka ndi zizindikiro za khansa ya khomo la chiberekero pachipatala cha kwawo. Amutumiza ku boma. Kumeneko amudula kanyama kokayeza n'kumuuza kuti adzabwere kudzamva zotsatira. Tsiku limene wabwera zotsatira sizinafike. Ulendo wachiwiri ya kabaza palibe, mvula yagwa, kumunda kwayamba. Zotsatira zikafika zimagona mu fayilo. Aliyense pamalo pake wagwira ntchito yake, palibe woti mungamuimbe mlandu. Mayiyo adzaonekanso chaka chamawa, atachita kumunyamula.

Ntchito yoletsa zimenezi ilipo. Ndi ya munthu mmodzi, wodziwika dzina, amene amasenza nkhani ya wodwala kuyambira tsiku limene matenda apezeka: amadziwa tsiku loti abwerenso, amaimba foni akapanda kuoneka, amalondola zotsatira ku labu, amadziwitsa chipatala cha kutsogolo kuti kukubwera munthu, ndipo akaona kuti chikumulepheretsa si matenda koma njala kapena mwamuna woletsa, amadziwa khomo loti agogode. Ku America ndi ku Britain anamwino ndi akatswiri a zachisamaliro cha anthu amalembedwa ntchito imeneyi payokha, ili ndi maphunziro ake ndi malipiro ake. Sindikuti tikopere zawo. Ku America mbali yaikulu ya ntchitoyi imakankhidwa ndi makampani a inshulansi ofuna kuti wodwala asagone masiku ambiri m'chipatala, ndipo vuto lathu si limenelo. Kuno ntchitoyi ikugwiridwa kale tsiku ndi tsiku, koma ndi anthu amene tidawaika pansi penipeni, ndipo ambiri mwa iwo sitiwalipira ndi ndalama zathu. Pamenepa ndi pamene ndili ndi mlandu ndi Unduna wa Zaumoyo, Nyumba ya Malamulo ndi mabungwe otithandiza.

Tiyambe ndi gadiyani. Kawirikawiri ndi mayi, mchemwali, mwana wamkazi kapena mpongozi. Ndiye amasambitsa wodwala, amaphika panja, amagona pansi pambali pa bedi, amathamangira namwino diripu ikatha. Ndiyenso amasunga kabuku ka kuchipatala, kamene kwa ambiri a ife ndiko mbiri yonse ya matenda athu. Kabukuko kakanyowa, kakadyedwa ndi chiswe, kapena kakadzaza n'kugula kena pageti, zonse zakale zafufutika ndipo dokotala watsopano ayambira pachiyambi. Zolembedwamo zili m'Chingerezi cha chidule chimene ngakhale mwana wa Fomu 4 sangatolepo kanthu. Tsiku lotuluka gadiyani amauzidwa mawu awiri atatu ali chiimire, mtolo uli kale pamutu. Tamusenzetsa ntchito ya katswiri osamuphunzitsa ngakhale ola limodzi, ndipo zikavuta timati anthu akumudzi samva malangizo.

Kenako pali mlangizi wa zaumoyo, HSA. Mbiri ya ntchito yake imaulula maganizo athu. Adayamba ngati wobaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, adasanduka wothandiza pa kolera mliri utabuka mu 1973, ndipo kuyambira pamenepo vuto lililonse latsopano timangoliponya m'chikwama chake: katemera, sikelo, kuyendera zimbudzi ndi zitsime, njira zolera, makhololo a TB, masikito, ana onyentchera, klorini, malipoti a bungwe ili ndi ilo. Cha m'ma 2008, ndi ndalama za Global Fund, chiwerengero cha alangizi chidapitirira 10,000, ndipo chaka chomwecho boma lidayamba kuwapatsa bokosi la mankhwala kuti atsegule makiliniki a m'midzi kumadera otalikira chipatala.

Anthu a m'tauni ayenera kumva zimene zimachitika pa kiliniki yotere, chifukwa ndi chimodzi mwa zinthu zanzeru kwambiri zimene dziko lino lidachitapo. Mwana wa miyezi 2 mpaka zaka 5 akabwera atatentha thupi, mlangizi amamubaya chala kuyeza malungo, akapezeka n'kumupatsa LA. Akamatsokomola, amawerenga kupuma kwake kwa mphindi yathunthu: kukafika 50 kwa khanda losakwana chaka, kapena 40 kwa wamkulupo, chimenecho ndi chibayo, ndipo amapereka amoxicillin. Wotsekula m'mimba amalandira Thanzi ndi zinki. Mkono amauyeza ndi katepi ka mitundu kuti aone ngati mwana akunyentchera. Wokomoka, wosanza chilichonse kapena wolephera kuyamwa samuchedwetsa, amamulembera kalata yopita kuchipatala. Ndipo malangizo amati patapita masiku atatu amuonenso mwana amene wamupatsa mankhwala. Maphunziro a zonsezi adali a masiku 6, kuonjezera pa masabata 12 amene kwa zaka zambiri ndiwo adali sukulu yonse ya HSA. Mu 1992 ana 234 pa 1,000 alionse ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza 63. Si makiliniki okhawa amene adachita zimenezi, katemera ndi masikito zidathandiza kwambiri. Koma katemerayo ndi masikitowo zidafikanso kumudzi pa njinga ya munthu yemweyu.

Tidamubwezera chiyani? Alangizi ambiri alibe nyumba m'dera limene amagwira, choncho amachita lendi patiredingi, ndipo kiliniki yoyenera kupezeka usiku mwana akatentha imatsegulidwa masiku ochepa pa sabata. Bokosi limauma. Womuyang'anira amakhala miyezi osafika chifukwa njinga yamoto ilibe mafuta. Mwana amene wamutumiza kuchipatala, yankho lake silibwerera. Amamva kwa anthu pamjigo kuti adachira kapena adaikidwa. Ndondomeko ya boma ya zaumoyo wa m'madera ya 2017 mpaka 2022 idavomera yokha kuti tikuperewera ogwira ntchito a m'midzi osachepera 7,000, pomwe cholinga ndi mlangizi mmodzi pa anthu 1,000, m'dziko limene kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Tidamupatsa cStock kuti azitumiza uthenga wa pafoni mankhwala akamatha, tsopano tikumupatsa matabuleti a kompyuta. Zabwino. Foni imatha kunena kuti LA watha, koma siimubweretsa.

Wina asanene kuti Amalawi sitidziwa kulondola wodwala. Pa nkhani ya HIV tidaonetsa dziko lapansi. Ma ARV aulere adayamba mu 2004. Mu 2006 chipatala cha Lighthouse ku Lilongwe chidayamba kulondola pafoni ndi pakhomo odwala amene adutsitsa tsiku lotenga mankhwala. Mu 2009 pulogalamu ya Tingathe, ya bungwe la Baylor, idayamba kupereka mayi woyembekezera amene ali ndi kachilombo m'manja mwa wogwira ntchito mmodzi, woti amutsatire iye ndi mwana wake mpaka zidziwike ngati mwanayo watenga kapena ayi. Mu 2011 Malawi adakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo pa ma ARV moyo wake wonse, njira imene bungwe la WHO lidadzailimbikitsa kumaiko ena. Phunziro lidabwera msanga: kafukufuku wa zaka zoyambirira adapeza kuti amayi 17 pa 100 alionse adali atasowa pakutha miyezi 6. Kupereka botolo la mankhwala ndi kubzala chabe, ndipo munda wosapalira sudyetsa munthu. Amene adapalira ndi ma expert client, anthu amene nawonso akumwa mankhwala ndipo amakhala pansi ndi wodwala watsopano, amayi olangiza amayi anzawo, alangizi a achinyamata m'ma Teen Club, ndi anyamata a njinga olondola amene asowa. Pofika kafukufuku wa 2020 mpaka 2021, mwa akuluakulu 100 amene ali ndi kachilombo 88 ankadziwa, mwa odziwawo 98 pa 100 adali pa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo 97 pa 100 tizilombo tidali titachepa m'magazi. Ngakhale maiko ena olemera safika pamenepa.

Koma gulu lonseli tidalimanga pa malipiro a eni. Pa 20 Januwale 2025 Donald Trump adasaina lamulo loimitsa thandizo la America kumaiko akunja kwa masiku 90, ndipo makalata ouza anthu kuti asiye ntchito adafika m'mabungwe masiku ochepa otsatira. Pofika Julayi chaka chomwecho USAID idali itatsekedwa. Ma ARV athu ambiri amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, motero mabotolo adalipo pashelefu. Amene adauzidwa kuti akhale kunyumba, m'malo ambiri, ndi anthu oyeza magazi, olemba mu kompyuta, onyamula magazi kupita ku labu, ndi olondola odwala. Zina mwa ntchitozi zidaloledwa kuyambiranso, koma aliyense adaona poyera kuti munthu amene amadziwa kuti mtsikana wa m'mudzi wakuti sadabwere kudzatenga mankhwala atha kuchotsedwa ndi siginecha ya ku Washington. Ndi zaka 20 zimene tidali nazo zoti tiike anthu amenewa m'kaundula wa ogwira ntchito m'boma. Tidasankha kuwatcha odzipereka ndi kuwapatsa tisheti.

Ndipo onani kukondera kwake. Munthu wa HIV akadutsitsa tsiku, foni imalira. Mnansi wake wa BP, wa shuga, wa khunyu kapena wa mphumu akasowa chaka chathunthu, palibe amene amazindikira, mpaka adzabwere atafa ziwalo kapena atapsa pamoto. Wodwala misala akatuluka ku Zomba n'kubwerera ku Nsanje kapena ku Mchinji, mankhwala a mwezi wachiwiri ndi nkhani ya iye ndi abale ake. Kusiyanaku sikuchokera ku kuopsa kwa matenda, kukuchokera ku kumene ndalama zidachokera. Ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, adachita chinthu chosavuta kumva: mu 2015 adaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda ena okhalitsa kukhala imodzi. Mzere umodzi, kaundula mmodzi wa masiku obwera, olondola omwewo. Kenako adagawira ogwira ntchito a m'midzi mabanja m'malo mwa matenda, kuti wofika pakhomo aone onse okhala m'nyumbamo, ndipo kafukufuku adaonetsa kuti osiya chithandizo adachepa. Ndikudziwa yankho la akuluakulu: Neno ndi boma laling'ono ndipo lili ndi bwenzi la ndalama. N'zoona. Koma kuphatikiza mizere iwiri sikufuna ndalama za kunja. Kumafuna kuti mapulogalamu a ku likulu, amene aliyense ali ndi galimoto zake ndi mafomu ake, avomere kugawana mpando.

Tsopano tifike pa maphunziro, pamene ndikudziwa kuti ndikhumudwitsa ambiri. Chimene timachitcha kukweza luso la ogwira ntchito zachipatala nthawi zambiri ndi wekishopu: masiku atatu kapena asanu mu hotelo ku Mponela, Salima, Liwonde kapena Mangochi, chikwama chatsopano, tiyi wa 10 koloko, ndi alawansi. Bungwe lililonse lili ndi yake, pa matenda ake, ndi fomu yake yatsopano yoti ikadzazidwe. Opitako nthawi zina amasankhidwa chifukwa yafika nthawi yawo yoti adyeko, kaya ntchitoyo amaigwira kaya ayi. Wotsala pachipatala amasenza mzere wa anthu awiri. Wobwerako palibe amene amamuyendera kuti aone ngati akuchita zimene adaphunzira. Ndipo akasonkhanitsa masatifiketi khumi a mtundu umenewu, palibe koleji imene imawawerengera ndipo giredi yake siyenda.

Sindikuloza chala namwino kapena mlangizi wothamangira alawansi. Pa malipiro amene amalandira, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo ndi fizi ya mwana ndi thumba la feteleza. Wolakwa ndi amene adakonza zinthu mwakuti njira yachidule yopezera ndalama yoonjezera ikhale kuchoka pamene pali odwala. Nawo mabungwe opereka ziphaso, Nurses and Midwives Council of Malawi ndi Medical Council of Malawi, amafuna mapointi a maphunziro opitiriza munthu asanakonzenso chiphaso chake. Ganizolo ndi labwino. Koma ngati pointi ikupezeka posaina pepala la opezekapo, ndiye kuti tikuyeza kukhala pampando.

Kulondola wodwala ndi luso, ndipo limaphunzirika. Kulankhula ndi mnyamata wa zaka 16 amene wasiya ma ARV chifukwa ali kusukulu yogonera ndipo akuopa anzake. Kufika pakhomo pa munthu osaulula kwa apongozi chimene wabwerera. Kusankha pa mayina 40 a osabwera kuti woyamba kumufuna ndi uti. Kulemba kalata yotumiza wodwala imene dokotala wa kutsogolo angaigwiritse ntchito, ndi kulemba yankho lobwerera. Zimenezi siziphunziridwa pa pulojekita. Zimaphunziridwa pamalo a ntchito, wodziwa atakhala pambali pako, akuona mmene ukuwerengera kupuma kwa mwana weniweni, akutsegula kaundula wako n'kufunsa kuti uyu adapita kuti. Chitsanzo tili nacho kale: kuyambira pamene ma ARV adayamba, magulu a Unduna akhala akuyendera zipatala zopereka mankhwalawa miyezi itatu iliyonse, kuwerenga makhadi ndi kukonza zolakwika pomwepo. Ndi chifukwa chimodzi chachikulu chimene pulogalamu ya HIV idalimbira. N'chifukwa chiyani kiliniki ya m'mudzi ndi ya BP sizilandira ulendo wotere?

Chinanso ndi makwerero. Lero mlangizi waluso amene akufuna kukwera amayenera kusiya ntchito imene amaidziwa bwino: alembe mayeso a Fomu 4 kachiwiri, apeze malo kusukulu ya unamwino, achoke m'mudzi. Amene wakhala zaka 10 akusunga ana a dera lake ali moyo amapuma pantchito ali pafupifupi pamene adayambira. Expert client ndiye alibe ndi poyambira pomwe. Malawi College of Health Sciences, makoleji a CHAM ndi Kamuzu University of Health Sciences, imene idayamba ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, angathe kukonza satifiketi ndi dipuloma ya ntchito yotsatira odwala, yophunzira munthu ali pantchito, imene imawerengera zaka zimene wagwira ndi maphunziro afupiafupi amene adachita kale. Boma nalo liike udindowo m'ndandanda wa maudindo ake, ndi giredi yake, pachipatala chilichonse: namwino mmodzi amene ntchito yake ndi kaundula wa otumizidwa ndi osabwera, wokhala ndi foni ya mayunitsi ndi alangizi omuyankha. Anamwino omaliza maphunziro amene akukhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito alipo.

Pachipatala cha boma pakufunikanso wa zachisamaliro cha anthu wokhala mu wodi momwemo. Koleji ya Magomero yakhala ikuphunzitsa anthu otere kwa zaka zambiri, koma ofesi yawo ili pansi pa unduna wina, m'nyumba ina, ndipo namwino amene waona kuti gogo wa TB akusiya mankhwala chifukwa alibe chakudya alibe njira yachidule yomufikitsira ku Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene idayambira ku Mchinji mu 2006. Maunduna awiri a boma limodzi akuthandiza gogo mmodzi osadziwana.

Adzati ndalama palibe. Ndi zoona kuti ndalama zoposa theka za ntchito zaumoyo m'dziko muno zimachokera kunja, ndipo lonjezo la ku Abuja la 2001, loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, zaka zambiri sitilifikira. Koma zimene ndikunenazi si makina a mabiliyoni. Ndi malipiro a giredi zapansi, mayunitsi, mafuta a njinga yamoto ndi nyumba ya zipinda ziwiri. Ndondomeko ya Unduna ya 2023 mpaka 2030 idalonjeza dongosolo limodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi kwa boma ndi mabungwe onse. Ngati mawuwo ali ndi mano, Unduna uuze bungwe lililonse lobwera ndi wekishopu kuti maphunziro azichitikira pachipatala, ndipo ndalama ya hotelo ipite ku thumba la maulendo oyendera ndi malipiro a olondola odwala. Ena adzakana, chifukwa chithunzi cha anthu 40 ataimirira kutsogolo kwa chinsalu cha bungwe chimalowa bwino mu lipoti kusiyana ndi lisiti ya mafuta. Akanewo tiwadziwe mayina.

Komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo isadikire bajeti kuti ingowomba m'manja. Iitane akuluakulu a Unduna ndi kuwafunsa manambala awiri: ndalama zimene boma ndi mabungwe adawononga chaka chatha pa maphunziro a m'mahotelo, kuyerekeza ndi zimene zidagula mafuta oyendera makiliniki a m'midzi, ndi chiwerengero cha olondola odwala amene adaimitsidwa mu 2025, kuyerekeza ndi amene boma lawalemba ntchito. Manambalawo awerengedwe pawailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, boma ndi boma.